Mchere wa m'Thumba la Abambo

4 Febuluwale

Wokondedwa Chete,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira koopsa, ndipo miyendo ikutupa chifukwa choimirira tsiku lonse m'chipinda chochapira cha pahotela.

Ndikukulembera kalata chifukwa pafoni sutha kuyankhula. Ndikaimba kwa achimwene n'kukupatsira, umangoti "eya, eya" ngati ukuyankha wapolisi, mayunitsi anga n'kumangopsa. Ndiye uzilemba. Sukulu unalekezera panjira inde, koma cholembera umatha kugwira.

Achimwene andiuza kuti abambo atuluka m'chipatala ndipo akuyenda okha. Ambuye atamandike. Akuti kugwa kuja kunali kwa magazi othamanga, ndipo akuti iwe ndi amene unalowa nawo kwa adokotala. Undiuze zonse zimene ananena, chifukwa achimwene angoti "akuti asamale zakudya," basi.

Mu envelopu muno ndaikamo timapaketi ta mbewu. Kuno anthu amadzala timasamba tonunkhira pawindo n'kumathyola pophika, ndipo nkhalamba zawo zimakalamba zikukwera njinga. Udzale kuseri kwa nyumba. Nthawi uli nayo yambiri iwe, suli pantchito. Uziwaphikira abambo zakudya zabwino zongothyola kumene, osati zokazinga za m'misewu zimene anazolowera akuyendetsa lole. Amayi unawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza, apa sungalephere. Ine ndikanakhala pafupi ndikanachita ndekha.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mkulu wako.


27 Febuluwale

Okondedwa achemwali,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndi mbewu zomwe. Zikomo kwambiri. Pepani ndi miyendoyo, muziisanjika papilo pogona, amayi zinkawathandiza.

Adokotala sananene zambiri. Achimwene anatsala m'galimoto akuyankha foni, ndiye ndinalowa ndekha ndi abambo. Anati kugwa kuja linali chenjezo chabe, kwachiwiri sikudzawasiya chonchi. Anati mapiritsi azimwa tsiku lililonse, ndipo mchere ausiye. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Ngakhale pang'ono?" Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mwana wanga, pang'ono wa madalaivala ndimamudziwa. Ausiye basi." Abambo anaseka, n'kusisita thumba la malaya.

Mukukakumbukira kabokosi ka machesi kaja? Kaja ankayenda nako pa lole, kodzaza mchere, kuti akaima pamsewu kugula nyama yootcha asachite kupempha wa eni ake? Kadakalipo. Lole anaisiya kalekale koma kabokosi kamakhalabe m'thumba la malaya, chakumtima. Chakudya asanalawe n'komwe amakhala athira kale. Tsiku lochapa ndinakatenga n'kukabisa m'chitini cha ulusi cha malemu amayi. Anafunafuna nyumba yonse, mpaka pansi pa matiresi. Kenako anadzaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Chete, mbava zinzako zimaba ng'ombe, iwe waba mchere wa munthu wodwala." Ndinangopitiriza kutsuka mbale. Mukundidziwa.

Kadimba ndayamba. Kuseri kuja n'kwa simenti, ndiye ndagubuduza matayala akale a lole aja, ndatenganso mabeseni obooka a amayi. Ndadzazamo dothi lakuda losakaniza ndi zitosi zouma, limene ndinakapempha kwa amayi oweta nkhuku a kumapeto kwa msewu wathu. Zolembedwa pa timapaketi sindikuzimva, ndangotsata zithunzi, ndipo mayina ndapereka ndekha. Kena masamba ake ali ngati a karoti, ndikukatchula Kakaroti. Kena kakufanana ndi mpungabwi koma masamba ake ndi aakulu, onyezimira, ndiye ndi Mpungabwi wa Achemwali. Amayi a nkhuku aja andipatsanso tsinde la minti. Ndadzalanso adyo, tsabola ndi anyezi wa masamba.

Alamu anabwera kudzaona atanyamula kapu ya tiyi. Anati, "Ee, tayamba ulimi wa pasimenti? Mudzatiitane pokolola, tidzabwere ndi ngolo." Anaseka, inenso ndinaseka nawo.

M'mawa uliwonse ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga. Dzulo Kakaroti katulutsa timitu. Ndinakhala pansi n'kumangotiyang'ana mpaka phala linapserera.

Mundiyankhe. Kodi kumeneko timasambati amathira poyamba kapena pomaliza?

Ine mng'ono wanu,
Chete


19 Epulo

Okondedwa achemwali,

Moni. Yankho lanu sindinalandire, koma alamu akuti mumaimba Lamlungu lililonse, ndiye ndadziwa kuti muli bwino.

Zoti poyamba kapena pomaliza ndazipeza ndekha, nditawononga miphika ingapo. Adyo ndiye amayamba. Mpungabwi ukauthira msanga umada n'kutha fungo, umafuna kung'amba ndi manja mphika utachoka kale pamoto. Mandimu amatsekera. Ndaonanso kuti ukatsina nsonga ya mpungabwi, pamalo pomwepo pamaphuka nthambi ziwiri. Poyamba ndinkaumvera chisoni, pano ndimatsina. Matayala onse abiriwira moti simenti sikuonekanso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndachita osafunsa munthu. Masiku oyamba ndinkawapatulira abambo kambale kawokawo, koma ankangoyang'ana mbale za anzawo n'kumati, "Ine ndasanduka galu wodyera pambali?" Ndiye tsopano mphika ndi umodzi, wa tonse, wopanda mchere. Botolo la mchere ndalichotsanso patebulo, chifukwa likakhalapo dzanja lawo limafika msanga kuposa langa. Ndinawapempha achimwene kuti wofuna mchere azikathira kukhitchini mwakachetechete.

Sizinawasangalatse. Anati, "Wodwala m'nyumba muno ndi mmodzi, koma tagonekedwa tonse." Alamu anati, "Musadandaule amuna anga, mwezi wamawa tiyamba kulira mee, mee." Amanyamula mbale yawo kupita nayo kukhitchini akukoka masilipasi kuti aliyense amve.

Abambo nawo aswa mbale zadothi zingapo. Dzanja lawo lamanja lidakali ndi mphamvu ya chiwongolero. Ya nyemba inauluka mpaka kukhoma, banga lake lilipobe pansi pa kalendala. Ndimatola, n'kukapakula zina.

Koma mumve za Lachinayi lapitali. Ndinaphika nkhuku ndi adyo wambiri, anyezi wa masamba, tomato, tsabola mmodzi, n'kumalizira mpungabwi ndi mandimu. Fungo linadzaza nyumba mpaka aneba anasuzumira pampanda kufunsa ngati kuli alendo. Abambo anadya zonse. Anapukuta msuzi m'mbale ndi buledi. Kenako anati, "Kodi watha?" Ndinawaonjezera. Podzuka anati, "Ukanakhala ndi mchere ukanakhala msuzi." Achemwali, kwa abambo amenewo ndi mayamiko. Ndinapita kuseri n'kukalira pang'ono pafupi ndi matayala, kulira kwabwino.

Lolemba tinapita kukayezetsa. Anesi anati magazi atsika, miyendo yaphwa, thupi lapepukanso, ndipo anati zonsezo n'zabwino.

Mukaimba Lamlungu muwauzeko achimwene kuti apirire. Inu amakumverani.

Ine mng'ono wanu,
Chete


2 Meyi

Alamu anga okondedwa,

Moni wochokera pansi pa mtima. Nsapato munatumiza zija zandikwana ngati munachita kundiyeza, kuofesi anzanga akungofunsa kuti mlamu wotereyu amagulitsa kuti.

Zinthu zina sizinenedwa pafoni achimwene anu ali pompo, chifukwa Chete ndi mlongo wawo, zimawapweteka. Ndiye ndati ndilembe, ndiikemonso chithunzi. Taonani nokha apongozi anga. Onani khosi mmene likusambira mu kolala. Munthu uja anali ndi thupi lake, lero lamba tachita kuboola bowo lina.

Ine sindikunena kanthu za Chete. Ndi mwana wabwino, wofatsa. Kungoti anthu ofatsawa sudziwa zimene akuganiza. Chakudya chilichonse iye amathiramo masamba. Ena mwa masambawo sitiwadziwa mayina, mwini wakenso sawadziwa, amangowapatsa mayina opeka. Ena anakawatenga kwa mayi wina wa kumapeto kwa msewu amene ife sitimupatsa n'komwe moni. M'mawa mukamupeza wanyonyomala pa matayala paja akuyankhula nawo motsitsa mawu. Munthu woti ndi anthu sayankhula! Anzanga a kumpingo nditawafotokozera anangoti, "Mayi, tsegulani maso." Ine sindinaonjezere kanthu. Koma paja amayi anu anawasamalanso yekha, chitseko chili chotseka, ndipo tonse tikudziwa mmene zinathera.

Tsiku lina apongozi anandigwira dzanja, misozi ili lengelenge, akuti, "Apongozi, kodi ndife ndisanalawenso chakudya cha anthu?" Mtima wanga si mwala, alamu. Kamchere ka kunsonga kwa zala kanapha ndani? Munthu wayenda ndi mchere m'thumba moyo wake wonse, ndipo wakulerani nonse.

Ine ndine wobwera m'banja muno, mawu anga ndi ochepa. M'khitchini mwanga momwe ndimalowa ngati mlendo. Inu ndi amene mungalankhule zikamveka.

Chikwama chofiirira ndinakupemphani chija mukachipeza musandiiwale.

Mlamu wanu wokukondani.


9 Meyi

Achemwali,

Moni. Pepani zolemba zapendama, ndikulembera pabondo.

Kabokosi kabwerera m'thumba. Ndinakaona Lachiwiri. Abambo anatembenukira kukhoma ngati akutsokomola, koma dzanja linali pamwamba pa mbale, zala zikufikisa. Nditapita kukatsegula chitini cha ulusi ndinapeza mulibe. Alamu anabwereka singano sabata yatha.

Ndinayesa kuyankhula. Mawu ndinayamba ndawayeserera kuseri, kwa timasamba, monga ndimachitira ndikafuna kunena chinthu kuti ndisachite chibwibwi. Alamu ndinawapeza akupaka zikhadabo. Ndinati, "Alamu, adokotala anati mchere ayi." Iwo osadzutsa mutu anati, "Iwe wolekezera sukulu panjira unamva zonena adokotala?" Ndinati ndinamva. Anati, "Ndiye ukawaitane adokotala akowo adzadye okha udzu wakowo." Anauzira zikhadabo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Achimwene ndinawadikira pageti. Anati, "Chete, ndatopa. Kuntchito phokoso, kunyumba mchere. Bambo ndi munthu wamkulu, asankhe okha."

Ndiye ndinakagwada pafupi ndi mpando wa abambo n'kupempha kabokosiko. Anagwira thumba la malaya. Kenako anati, "Amako unawadyetsanso masamba?"

Achemwali, mawu amenewa si awo. Wina wawapatsa. Amayi ndinkawasambitsa ndekha ndi kuwatembenuza ndekha chifukwa inu munali kutali, ndipo achimwene ankati fungo la m'chipinda limawadwalitsa mutu. Chitseko ankatseka ndi iwo. Sindikudandaula, ndikungonena.

Mutu wayambanso kuwapweteka m'mawa, ndipo maso afiira ngati nthawi ija asanagwe. Chonde imbani. Musadikire Lamlungu. Muwauze kuti mbewu munatumiza ndinu, ndi zakudya, si mankhwala. Timapaketi take ndasunga, zithunzi zilipo. Muwauzenso za mchere. Ine mawu anga m'nyumba muno ali ngati wailesi ya kwa aneba, imamveka koma palibe amene amaimvera.

Ine mng'ono wanu,
Chete


16 Meyi

Chete,

Lero ndilibe moni wambiri. Ndalandira chithunzi cha abambo ndipo ndalira m'basi anthu akundiyang'ana. Kalata yako ya mwezi watha, ya nkhuku ija, ndinaiwerenga. Unkadzitama kuti akudya. Akudya chiyani munthu wotha chonchija?

Ine ndinakutumizira mbewu kuti pakhomo pakongole ndi kuti uzithirako pang'ono mwa apo ndi apo. Sindinanene kuti usandutse bambo athu mbuzi. Ndipo ndamva kuti zina unakatenga kwa mayi wina wosadziwika bwino. Zimenezo si zanga, usandiikemo. Nanga kulanda nyumba yonse mchere, nyumba ya eni ake, unafunsa ndani? Alamu ndi munthu wophunzira, wa mu ofesi, ndiye azikathira mchere mobisala m'khitchini mwawo momwe ngati wakuba?

Ndayankhula ndi achimwene pafoni ndipo tagwirizana. Kukhitchini usalowenso, aziphika alamu. Zomera zakozo zichoke. Iwe upite kaye kwa azakhali ukapume, mwina kukhalitsa m'nyumba kwakusokoneza mutu. Usandilembere zodandaula, ine kuno ndikuvutikira nonsenu, manja anachita kusuka ndi sopo.

Nthawi imene amayi ankadwala sindinafunse mafunso. Mwina ndinalakwitsa.

Mkulu wako.


6 Juni

Achemwali,

Moni. Ndili kwa azakhali. Kalata yanu yandipeza konkuno. Zimene munalembamo zinali zitachitika kale, foni imathamanga kuposa positi. Yanga yopempha kuti muimbe ija sindikudziwa ngati inafika. Mwina zinasemphana panjira.

Mawa lake mutaimba, alamu anabwera ndi anzawo awiri a kumpingo. Ndinkaganiza kuti azula, ndiye ndinapempha kuti ndizule ndekha ndikapatse amayi a nkhuku aja. Anakana. Anati zoterezi sazula, mizu imatsalira. Anawiritsa madzi m'poto wamkulu uja ndinkaphikira nkhuku, anakhuthuliramo paketi yonse ya mchere, n'kuyamba kuthira tayala ndi tayala, beseni ndi beseni, akuimba. Ine anandiuza kuti ndiime pompo ndione. Kakaroti kanagona nthawi yomweyo. Mpungabwi unada. Fungo linakwera ndi nthunzi, lokoma kwambiri achemwali, kuposa tsiku lililonse limene ndinaphikapo. Mmodzi wa amayiwo anatseka mphuno n'kunena kuti, "Mwamva? Zikutuluka."

Abambo ankaonera pawindo. Anati, "Mchere wonsewo kutayira udzu." Basi.

Madzulo ake alamu anakazinga nyama ndi masoseji, botolo linabwerera patebulo. Ine mbale yanga anandipatsira pakhonde. Ndinamva abambo akuseka, kuseka kwa pa lole kuja, akusimba za tsiku limene mabuleki anawathera pamtsetse atanyamula nkhumba. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Ndiye mwina ndinalakwadi penapake. Mwina mphika umodzi uja. Sindikudziwa.

Kuno ndimathandiza azakhali kusita zovala za anthu. Sanandifunse kanthu, ndipo amandipatsa bulangete labwino. Koma chakudya amaphika okha, ndipo ndikalowa kukhitchini kukatunga madzi amavundikira poto.

Chimodzi chokha ndikupempha. Piritsi la m'mawa abambo amalibisa pansi pa lilime n'kukalavula pawindo. Pamafunika kuima pompo mpaka ameze, kenako n'kuwafunsa funso kuti ayankhule. Muwauze alamu ngati zochokera kwa inu. Zikachokera kwa ine sangamve.

Za amayi zija sindiyankha.

Ine mng'ono wanu,
Chete


21 Julayi

Chete mng'ono wanga,

Moni. Ndikhulupirira azakhali akuuza kale. Abambo agwanso Lachisanu, patebulo penipeni. Ulendo uno mbali yonse ya kumanja yafa, ndipo sakuyankhula. Atuluka sabata yamawa. Akuti kuchipatala palibenso chimene angachite, chatsala ndi chisamaliro cha kunyumba.

Makalata ako awiri ndinawapeza pamodzi. Ndinatenga nthawi osatsegula bokosi la makalata chifukwa cha mashifiti. Ndawerenga. Zakale tisazikumbe. Alamu akuti thupi linali litafooka kale ndi miyezi ya masamba ija, n'chifukwa chake silinalimbe. Ine sindine dokotala, sindiweruza. Aliyense anachita zimene ankaona kuti n'zabwino.

Tsopano pakufunika munthu. Alamu ali pantchito, komanso msana wawo suwalola kunyamula munthu. Achimwene ukuwadziwa ndi nkhani ya fungo. Ine tchuthi sandipatsa. Ndiye takambirana, ndipo tonse takukhululukira. Bwerera kunyumba. Alamu avomera kuti uziwaphikira abambo pa kasitovu kako kuseri, bola za masamba zija zisabwerenso. Uwalonjeze zimenezo pofika, ndipo uwapepese, si zovuta.

Ndaikamo mpango wa m'khosi, ndi wofunda. Uziyamika Chete, anthu ena sakhululukidwa.

Ndine mkulu wako.


30 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Moni. Mpango ndalandira, zikomo. Ndimawafunditsa abambo kumapazi.

Ndinabwerera, ndinalonjeza, ndinapepesa. Ndimagona pa kamatiresi m'chipinda chawo, pamalo pomwe ndinkagona nthawi ya amayi. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawameta ndevu. Achimwene amaima pakhomo m'mawa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji bambo?" kenako amadziyankha okha, "Chabwino, chabwino," n'kumapita. Alamu salowa. Dzulo anandiuza kuti chitseko chizikhala chotseka chifukwa kumabwera alendo. Ndiye n'chotseka.

Kuseri matayala adakalipo. Dothi lake layera pamwamba ngati lawazidwa ufa, ngakhale udzu sunamere. Amayi a nkhuku akuti dothi lotero n'lotaya. Musatumizenso mbewu. Minti yekha ndiye anathawa. Anatulukira pabowo la beseni la amayi n'kukamera mumng'alu wa simenti, pafupi ndi mpopi. Ndinamuzula ndekha alamu asanamuone. Manja ndinasamba ndi sopo mobwereza kuti fungo lisandinenere.

Kabokosi ndinakapeza m'malaya amene anagwa nawo, kodzaza mpaka kukana kutsekeka. Ndinawaonetsa achimwene. Anati, "Taya, usayambitsenso nkhani." Sindinataye. Mchere ndinakhuthula, kabokosi n'kukaika m'thumba la malaya awo ogonera, chifukwa popanda iko sagona, dzanja lamanzere limangofufuza pachifuwa.

Ndimawaphikira phala, mbatata yopota ndi msuzi wa nkhuku wosefa. Mulibe mchere, mulibenso tsamba. Sizikoma, ndimalawa. Tsopano palibe amene akutsutsa, chifukwa palibe amene amabwera kudzaona mbale. Ndikalowa nacho chakudya amagwira kabokosi n'kundiyang'ana. Ndimati, "Mulibe, bambo." Msozi umatsika diso limodzi. Kenako amatsegula pakamwa.

Ndamva kuti Lamlungu munawafunsa alamu ngati abambo akudya. Akudya, achemwali. Amamaliza zonse, ndipo mbale sizikuswekanso. Dzanja lotayira mbale ndi lomwe lija linafa.

Ine mng'ono wanu,
Chete